Andikhazika Pafupi ndi Ba Tembo

Loweluka, ku Chelstone. Kwazizila tsiku lonse, ndipo mtima wanga sunakhazikike.

Alamu anga, Ba Chipo, anandiitananso ku Kabwata kukaonela sewelo la pa TV lija la munthu wouluka wopulumutsa mzinda. Mkazi wake anafa m'gawo loyamba. Lelo wavula mphete, wayamba kumwetulila mkazi wina. Onse m'nyumba anaomba m'manja. Ba Chipo anati, "Mwaona? Wakula manje. Munthu sangalile zaka zonse." Ananena akuyang'ana ine, osati TV.

Changotha chaka chimodzi chimwalilile mwamuna wanga Joseph, mlongo wao weniweni.

Ba Chipo anandikhazika pafupi ndi Ba Tembo a ku chalichi kwao, amenenso anafedwa mkazi. Sadziwa ngakhale dzina la wouluka uja. Anandifunsa, "Imwe muona bwanji, wachita bwino?" Ndinati wafulumila. Anagwetsa nkhope n'kunong'ona, "Naine niganiza so."

Tsono sindikudziwa. Kaya alamu anga anawauzilatu zoyankha, kaya nawonso anangokokedwa ngati ine. Ba Chipo atumiza kale uthenga wa Loweluka likubwelali. Sindinayankhe, koma sindinaufufutenso.