Ng'oma ya Tadala Inalira Katatu

Lachisanu madzulo. Tsiku landilemera.

Tadala, mdzukulu wanga, sakundilankhula. Wolakwa ndine, koma sindinavomere pamaso pake.

Dzulo ndinavala jekete kukamuonera ku holo ya ku Hillhead, kumene amaimba ndi gulu la mavayolini. Mwanayo anakhala kumbuyo, timitengo ta ng'oma tili pamiyendo, milomo ikugwedera. Ola lathunthu anamenya ng'oma katatu kokha. Potuluka ndinamufunsa pamaso pa aphunzitsi ake kuti, "Kodi ukudwala, kapena akupatsa chilango?"

Ine ndinakulira pa ng'oma ya mganda ku Dowa. Kumeneko woimba akapumitsa dzanja, mzere wonse wa ovina umasokonekera. N'chifukwa chake ndimakonda gulu lake lina, loguba m'misewu ndi zitoliro, mmene ana khumi amamenya ngati dzanja limodzi. Lolemba ayenera kusankha gulu limodzi, pakuti magulu onse awiri akufuna Loweruka lake.

Lero mayi ake atabwera kuchokera kuntchito anandiuza kuti, "Bambo, milomo ija amakhala akuwerenga kugunda kwa nyimbo, kudikira nthawi yake yomenya. Akaphonya kamodzi holo yonse imamva, ndipo palibe mnzake womubisa."

Ku mganda ndinaphonyapo kambiri, anzanga n'kundiphimba ndi phokoso lawo. Ndekha sindinaimepo pamaso pa anthu ali chete.

Timitengo take watisiya pa tebulo langa. Sindikudziwa ngati waiwala kapena watula pansi zonse chifukwa cha pakamwa panga. Chitseko chake n'chotseka. Ndaimapo kawiri, timitengo tili m'manja, osagogoda.