Kamera Yodikira Kumwetulira

Lolemba, 3 Malichi

Ine mlonda wa pa geti la fakitale ndikulemba motere. Poweruka ndinadutsa pa shopu yosokera zovala pamene mayi akunyumba amagwira ntchito. Pa windo apachikapo chithunzi chawo chachikulu, atavala diresi lobiriwira lamalonda, akuseka mpaka kampata ka m'mano kakuonekera. Kampata kameneko ine mwamuna wawo sindinakaone chaka chino.

Lachiwiri, 4 Malichi

Kafukufuku wachitika. Wojambula ndi mchimwene wa mwini shopu. Wojambulayo amamutcha Mafuta kaamba ka zonunkhira zimene amadzola. Nditafunsa mayi anati, "Bambo, ndi ntchito. Madiresi sadzigulitsa okha." Yankho silinandikhutiritse.

Lachinayi, 6 Malichi

Ndinakaonekera kwa Mafuta nditavala yunifolomu. Anatulutsa kamera m'thumba la malaya. Ndi kakang'ono ngati sopo koma kolemerera bwino m'manja, ndipo ukakayatsa diso lake limatuluka mosachita phokoso. Anandionetsa zithunzi zina. Mayi akuoneka bwino lomwe, pamene makina osokera kumbuyo kwawo angoti mbuu ngati utsi. M'zithunzi zonse akuseka.

"Mdala, musandidye ndi maso," anatero. "Sindidina ine. Ndikakatchera, kakangoona munthu wamwetulira kamajambula kokha."

"Nanga munawauza chiyani kuti amwetulire?"

"Aaa, tengani mukayese nokha. Mubweze Lolemba."

Anakatchera n'kundipatsa uku akuseka. Kanalira kuti tche, n'kumujambula kali m'manja mwanga.

Lachisanu, 7 Malichi

Ndinaloza kamera kwa mayi akusita. Ngakhale m'chipinda munali kamdima, kabokosi kobiriwira ka pa galasi la kamera kanagwira nkhope yawo nthawi yomweyo, ndipo akasuntha kankawatsatira. Ndinadikira mpaka mkono unatopa. Sikanalire.

"Chotsani chimenecho, ndiwotcha malaya anu."

Loweruka, 8 Malichi

Poganiza kuti mwina kawonongeka, ndinakayesa kwa eni nyumba. Kanalira. Kwa mayi ogulitsa makala kanaliranso. Ndinadziloza ndekha, zii. Choncho vuto silili m'kamera.

Chakudya sichinatsike. Mafuta ali ndi mawu otani amene ine ndilibe?

Lamulungu, 9 Malichi

Ndinaganiza zotsata ndondomeko. Ndinaika kamera pa tebulo, ndinavala yunifolomu ndi chipewa, ndinapempha mayi akhale pa mpando. Ndinaima njo n'kumenya sawatcha.

"Mayi, ndabwera kudzapereka dandaulo. Katundu wina wa m'nyumba muno, amene ndi kumwetulira kwanu, akupezeka pa windo la eni ake popanda chilolezo. Monga mlonda ndalephera ntchito, pakuti sindinaone pamene ankatuluka pa geti."

Anandiyang'ana kuyambira ku chipewa mpaka ku mapazi. Apo m'pamene ndinazindikira kuti ndaiwala jombo, ndavala mapatapata awo a maluwa.

Kuseka kwawo kunayambira m'mapewa. Kenako anagwira pamimba.

Tche. Tche. Tche.

"Mayo ine, bambo inu! Mafuta uja amangonena kuti ganizirani chinthu choseketsa. Ndiye mukuyesa ndimaganiza za ndani?"

Sindinathe kudziwa ngati kumeneko n'kundinyoza kapena ayi, ndipo sindinafunse. Ndaona chithunzicho. Kampata kali pomwepo, misozi pa tsaya, ndipo chakumbali kukuoneka chigongono changa chili pa sawatcha.

Mafuta ndamutumizira uthenga kuti chimenechi asachipachike pa windo.