Malimu a Mainchesi Asanu

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ku Kitweko. Kuno ku Kanyama ana ali bwino, koma ine tulo sindikupeza.

Lole ija ili pa njerwa. Matayala anatha mpaka nsalu kuonekera, ndipo chitsekereni malire a Rodeshiya saizi yake m'masitolo mulibe. Ndinagulitsa wailesi ndi njinga n'kugula otambalala amene ndinawapeza ku Matero. Titamanga akutsogolo, ndinangoyenda pang'ono n'kumva fungo la mphira. Tayala likukhula sipuling'i cham'kati.

Ba Mulenga, makaniko wa pafupi nafe, anagoneka limu, chitsulo chovekapo tayala chija, chafufumimba, n'kuika thabwa pamwamba, n'kuyeza kuchokera pathabwapo kufika pamene pamakhala mabawuti. Anapeza mainchesi sikisi. "Mudala, tayala iyi yakula na mainchesi yabili, imozi yangena mukati," anatero. "Sakilani malimu ya faifi, ngati simufuna iphulike na katundu pamusana."

Ndazungulira Chaisa yense ndi Misisi, osawapeza. Amene anandipatsa kontirakiti yotuta mchenga wati mwezi ukatha ndisanaoneke apatsa wina, ndipo amake Tisa ayamba kale kupempha ufa kwa aneba.

Chonde achimwene, ndagwira mwendo wanu, funsani kwa ophwasula magalimoto akumigodi. Ndikufuna malimu awiri a mabowo asanu ndi atatu, kuya kwake mainchesi asanu. Muyeze nokha ndi thabwa, musakhulupirire maso. Mukawapeza akwezeni sitima tsiku lomwelo, kalata ibwere pambuyo.

Mulungu akusungeni pansi pa mgodipo.

Ine mng'ono wanu,
Gidiyoni