Linali Ludzu, Osati Mowa

Wokondedwa mdzukulu wanga,

Ndisanakupatse moni, dziwa kuti amene anandilakwira ndi agogo ako, achimwene angawo. Uli bwanji? Ine ndilipo, koma miyendo yatha. Zimene anena adokotala ndidzakuuza ukadzabwera.

Ndamva kuti wayamba mipikisano yothamanga. Uzidya nthochi ndi mazira, uzigona mokwanira, makamaka uzimwa madzi. Agogo akowo pondiphunzitsa kuthamanga ankandiletsa madzi, ati amalemetsa m'mimba. Pa mpikisano waukulu ndinagwa ndi ludzu, pothera ndikupaona. Iwo anauza anthu kuti ndinaledzera. Ana anga akula akumva zimenezo.

Ndatopa, mwanawe. Bulangete anatumiza lija ndalandira, koma si limene ndikufuna. Uwauze abwere ndisanafe, adzanene pamaso pa ana anga kuti linali ludzu.

Ndine agogo ako aang'ono.