Inki Yoti Mvula Isaichotse

Lachiwiri

06:48 Leticia: mukoma mwaziona zithunzi?

06:49 Leticia: kope la ababa lonse. denga ladontha pomwe pa shelefu paja

07:30 Gedion: maiwe. la nyimbo lija?

07:31 Leticia: lomwelo. masamba onse angoti mbuu, blue yekhayekha ngati kumwamba. nyimbo zonse zomwe akhala akulemba chichokereni ku mgodi ku Connemara

07:33 Gedion: eni ake akuti chani

07:36 Leticia: sanakalipe nkomwe. ayanika masamba pa waya limodzi ndi zovala, akoka mpando akhala pansi pake. akuti mawu apita kukamwa madzi, abweranso

07:37 Gedion: eish. ndili joburg tikupakira katundu mu thiraki. ndiwagulire kope lina?

07:39 Leticia: kope ndagula kale konkuno ku Gweru, pa Mkoba 6. akufuna inki. yakuda, yoti madzi asaichotse. ballpoint akana, akuti dzanja lawo limadziwa peni imodzi yokha, ya nibu ija ankalembera ma shift

07:40 Leticia: mufulumire pls. m'mawa amakumbukira zonse. ikamakwana 11 amandifunsa kuti ndine mwana wa ndani

07:58 Gedion: ndamva Leti

Lachitatu

12:15 Gedion: 📷 ndaipeza. alemba waterproof, yakuda bii

12:44 Leticia: dikirani ndiwaonetse madam Loice, aja amaphunzitsa art pa sukulu ya ku Ascot

13:20 Leticia: ayi ayi mukoma bwezani!! akuti imeneyo ndi ya ojambula, imauma mkati mwa peni ngati guluu. peni ya ababa ingafe. mufunse ya pigment, pa botolo palembedwe fountain pen

13:22 Gedion: ko inki si inki?

13:22 Leticia: kkk bwererani basi

15:51 Gedion: ndapeza ka shop kenakake kuseri kwa msika, mapeni okhaokha. mayi wa mmenemo anati nditchule dzina. ndinati Sandifolo. analemba pa kapepala, tinadikira pang'ono, kenako anakaika pa mpopi

15:52 Gedion: madzi akuyenda pamwamba, dzina la ababa lili pheee pansi pake ngati mwala wa mu mtsinje. ndinaima pamenepo mpaka mayi uja anatseka yekha mpopi

15:53 Leticia: 🥹

15:55 Gedion: kapepalako ndasunga. ndikunyamuka mawa mbandakucha

Lachinayi

08:05 Leticia: ndikuwajambula pa foni akamaimba kuti tisataye. lero zabwera zisanu. koma imodzi yawakanika, mverani

08:06 Leticia: 🎤 0:38 "Gedion mwana wanga, wadzuka? Iyi ankaimba amayi anga a Yunesi tikubwera pa sitima, ine ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Imati, kambalame ka ku Ntcheu, ukatera pa phiri, ukawauze a kwathu... ukawauze a kwathu... Aa. Pamenepa pali dzenje. Ndikafika pamenepa ndimangoona utsi wa sitima."

08:08 Leticia: akhala akuibwereza chidzukireni. tiyi wazizira. akuti inali tsamba loyamba m'kope

08:09 Leticia: inu simukuikumbukira? ine chichewa changa mukuchidziwa, half ndi shona

10:47 Leticia: mukoma?

14:30 Leticia: lero zawathawira msanga nzeru. akundiitana Enala, dzina la amayi. ndangovomera

Lachisanu

09:12 Gedion: sorry network. ndili pa boda ku Beitbridge, mzere sukuyenda. nyimboyo sindikuidziwa Leti. ndaimvera mwina ka 20

09:13 Leticia: inki ili bho?

09:14 Gedion: ndaikulunga mu sokosi. kukutentha koopsa, msewu ukuchita kunyezimira ngati pali madzi

11:40 Gedion: LETI

11:40 Gedion: uli pafupi ndi ababa??

11:41 Leticia: agona pa veranda. chachitika nchani

11:44 Gedion: ndinaika voice note ija pa speaker zitseko zili zotsegula. driver wa thiraki yakutsogolo amachapa malaya mu ndowa, wangosiya, wabwera manja ali thovu. akuti bwezerani. ndabwezera. pofika pa dzenje paja iye wangopitiriza

11:45 Gedion: ndi a Frazer, kwawo ku Ntcheu komweko. akuti azakhali awo ankaimba popeta chimanga

11:47 Gedion: 🎤 0:29 "Bambo Sandifolo, moni wa kumudzi. Imatere bambo. Ukawauze a kwathu, asatseke chitseko, fumbi likubweralo ndi langa. Basi, imathera pomwepo. Phiri lija likadalipo bambo, silinasunthe."

11:52 Leticia: maiwe. ndikuimveranso

11:53 Leticia: ndiwadzutse?

11:54 Gedion: ayi. mawa m'mawa, nzeru zili pamalo

17:26 Gedion: tawoloka. Gweru ndidutsa cha m'ma 7 mawa koma thiraki sindingalowe nayo mu Mkoba, ndikuyenera kukafika Chirundu. udzaime pa garage ya pa msewu waukulu

17:27 Leticia: ndikwera kombi yoyamba

Loweruka

07:22 Leticia: mwaonda mukoma. kungondipatsa inki basi, mphindi ziwiri zokha shuwa

07:40 Gedion: hanti ndinakuuza. thamanga nthawi isanathe

08:31 Leticia: ndafika. atsuka peni ndi madzi ofunda okha, sanalole ndigwire. akuikoka inki pang'onopang'ono, akuinunkhiza

08:44 Leticia: ndawaikira voice note ya a Frazer

09:15 Gedion: ndaima pa Kwekwe. zatha bwanji

09:16 Gedion: Leti

09:29 Leticia: sorry ndimalira

09:31 Leticia: anatseka maso. a Frazer asanamalize iwo anali atayamba kale kuimba nawo, ndi mawu ena aang'ono ngati a mwana omwe sindinawamvepo. kenako akuti zenera la sitima linali lotsegula, amayi awo anavala duku yobiriwira, ankasenda nzimbe ndi mano. akuti akuwaona bwinobwino

09:33 Leticia: alemba yonse. mpaka pa mzere womaliza 📷

09:35 Gedion: zilembo zawo zija ndithu

09:36 Leticia: ndimati ndidonthezepo madzi tiyese, andimenya pa dzanja kkk. akuti iyi siyoyesera

09:50 Leticia: mukoma, ababa akufunsa

09:50 Gedion: chani

09:52 Leticia: akuti thiraki yanu imafika ku Ntcheu? ndawauza kuti ndi kutali, passport yawo inatha, dokotala sangalole. akungomwetulira. akuti iwo safuna zambiri, akangoona phirilo ali m'galimoto basi

09:53 Leticia: ndiwayankhe chani? 11 ili pafupi, mwina pofika masana aiwala

09:58 Leticia: mukoma?

10:21 Gedion: ndimalankhula ndi a ku ofesi. load ya Lilongwe imapezeka mu August. za passport uyambe Lolemba

10:22 Gedion: uwauze pompano asanagone. mpando ulipo, wa ku zenera