Chilombo Chokoka Phazi

Lolemba, 3 Juni

Loweruka lapitali ndinachita manyazi. Sabata yathunthu ndikukonza chilombo cha m'sewero lathu, cha mitu itatu, mano ngati misomali, dovu chuchuchu. Nditafika pochitulutsa, mawu nditatsitsa bwinobwino, mnzanga Dzira anakanda dazi lake lija n'kufunsa kuti, "Mitu itatuyo ikamadya imakangana?" Onse kufa nako kuseka. Namwino mpaka misozi. Wamagetsi anaponya madayisi, n'kuchipha kamodzin'kamodzi, kenako n'kufunsa ngati tiyi watsala.

Zaka zinayi ndikuyendetsa sewero limeneli. Ine ndimasimba nkhani, anzanga atatuwo amakhala anthu a m'nkhanimo, madayisi n'kumagamula wopulumuka ndi wofa. Ntchito yanga ndi imodzi basi, kuwachititsa mantha. Koma pano andisandutsa wanthabwala. Wamagetsi akuti mwina tipumire kaye, tizisewera makhadi. Zandiwawa, sindinama.

Amayi lero ayenda ka 6 pakolido. Mayi wa fiziyo, wowathandiza kulimbitsa thupi, ananenetsa kuti kakhumi tsiku lililonse, apo ayi mwendo wakumanjawo uuma, chotsatira ndi njinga ya olumala. Miyezi itatu tsopano chiwagwirireni sitiroko. N'chifukwa chake sewero tinalisamutsira kunyumba kuno, Loweruka sindingawasiye okha.

Lachiwiri, 4 Juni

Kuntchito makina a fotokope anatafuna chithunzi cha kasitomala, nkhope inatuluka yotalika ngati yasungunuka. Ndalisunga pepalalo. Chilombo cha nkhope yosungunuka? Ndikumumva kale Dzira: "Kachiikeni m'firiji." Ndaganizanso za mphemvu za kuseri kwa kabati ndi galu wa aneba wa diso limodzi uja. Zonyansa inde, koma zosaopsa.

Amayi: 6.

Lachitatu, 5 Juni

Ndinamuimbira Namwino kumufunsa chimene amaopa iyeyo, poti magazi wawaona a mtundu uliwonse. Akuti magazi si kanthu. "Chimene chimandiopsa ine ndi chinthu choti ndachizolowera, koma chalakwika pang'ono chabe." Ndalemba pachikuto cha kope.

Amayi: 7. Analimbana ndi batani la bulawuzi mphindi khumi, kukana kuti ndiwathandize. Aliuma ngati ine ndemwe.

Lachinayi, 6 Juni

Ndachipeza.

Nditaweruka ndinakhala patebulo la pabalaza ndi kope, chitseko chotseka, m'mutu mulibe kanthu. Kenako ndinamva pakolido. Go. Khwee. Go. Khwee. Ndodo kugunda pansi, phazi kukokeka pambuyo. Kuima. Chigwiriro cha chitseko kutsika pang'onopang'ono, n'kubwerera, n'kutsikanso. Ndiye mawu kuseri kwake: "Mwa... mwa... mwa..."

Thupi lonse linachita tsembwe. Chonsecho ndimadziwa kuti ndi Amayi. Chitseko amatsegula ndi dzanja lamanzere, ndipo "mwanangu" amawakanirira pakhosi. Amafuna ndiwatsegulire botolo la mankhwala. Ndinawatsegulira, ndinawaperekeza kuchipinda, n'kubwerera kudzalemba masamba anayi osapumira.

Chilombo chosaoneka, chongomveka. Sichithamanga koma sichitopa. Chimakuitana ndi mawu a munthu amene umamukonda, osamaliza.

Ndikudziwa, ndikudziwa. Koma sadzamva. Loweruka masana amagona mpaka 4 koloko.

Lachisanu, 7 Juni

Achemwali atabwera kudzawasambitsa Amayi anandipeza ndikuyeserera patebulo, pensulo kugogoda, chikhatho kukhwekhwereza. Anafunsa kuti ukutani. Ndinati za sewero. "Munthu wa ndevu zako," anatero, n'kupitirira ndi beseni.

Amayi: 9. Chiyambireni sanafikepo pamenepa. Anandionetsa ndi zala, zisanu kenako zinayi, akumwetulira mbali imodzi ija.

Loweruka, 8 Juni

Ndilembe mmene zinayendera.

Ndinatseka makatani, dzuwa lili phwee panja. M'nkhanimo ndinawalowetsa atatuwo m'nyumba ya alendo yosiyidwa, kolido yaitali, zitseko zonse zokhoma kupatula chimodzi. Dzira anayamba nthabwala zake. Ndinangotenga pensulo pansi pa tebulo. Go. Chikhatho. Khwee. Wamagetsi anati munthu wake akuwunika ndi tochi. Ndinati palibe chikuoneka. Go. Khwee. Anaponya madayisi kuti athawe, anakhoza, ndinati mwathamanga mpaka mpweya kutha, mwadzitsekera m'chipinda, ndipo patali mukumvabe. Go. Khwee.

Pabalaza panali zii. Tiyi anazizira m'makapu. Dzira anali atagwira m'mphepete mwa tebulo. Mumtima ndinati lero ndiye lero. Ndinapotoza kamwa mbali imodzi n'kuitana: "Mwa... mwa... mwa..."

Namwino anandiyang'ana moti anazindikira. Ine osasamala, ndinali nditakoma nazo. Ndinabwerezanso kawiri. Kenako go anamveka pensulo ili m'mwamba.

Chitseko chinali chitatseguka. Dzira anadzambatuka, mpando n'kugwa. Amayi ali chiimire pakhomo, kapu yopanda madzi ili m'thumba la juzi. Sanagone. Phokoso langa linaphimba lawo, sindikudziwa kuti anaimapo nthawi yaitali bwanji. Chimene anaona ndi anthu atatu akuluakulu akuwayang'ana ndi nkhope za mantha, ndi mwana wawo kamwa lili chipotokere.

Namwino ndiye anaimirira. "Mwaswera bwanji, Amayi? Ndikutungireni madzi?" Amayi anayang'ana pensulo m'dzanja langa, anatembenuka, n'kubwerera. Tonse tinamvetsera mpaka chitseko chawo chitatsekeka.

Potuluka Namwino anandiuza chapansipansi kuti, "Si zimene ndimatanthauza zija."

Lamulungu, 9 Juni

Amayi: 0. Chakudya ndawapititsira kuchipinda. Adya pang'ono.

Lolemba, 10 Juni

0. Kubafa amadikira nditatuluka m'nyumba. Achemwali anafunsa kuti chachitika n'chiyani. Ndinati mwina kutopa. Bodza linatuluka mosavuta mpaka ndinadzida.

Lachiwiri, 11 Juni

Uthenga wa Wamagetsi: "Akulu, chija chinali choopsa zenizeni. Loweruka tipitiriza?" Zaka zinayi ndakhala ndikudikira uthenga ngati umenewu. Ndinangobweza foni m'thumba.

Mayi wa fiziyo anabwera. Anapinda bondo, Amayi anakukuta mano. Akuti layamba kale kulimba, masiku atatu okha ndi ambiri pa mwendo wotere. Anafunsa ngati anagwa kapena china chawaopsa. Ine maso pansi.

Atachoka ndinawauza Achemwali zonse kukhitchini. Ndimayembekeza kuti andilalatira, bola akanatero. Anapitiriza kupukuta mbale imodzimodziyo, kenako anati, "Ukudziwa kuti maulendo aja amayendera iwe? Masana ndikati pumulani amakana. Amafuna ukamabwera kuntchito akuonetse zala."

Lachitatu, 12 Juni

Ndapepesa. Ndinagwada m'mbali mwa bedi, ndinati Amayi pepani, ndinalakwa, sindimakusekani, ndimangofuna anzanga aja achite mantha. Nditamaliza kunena ndi pamene ndinamva mmene zikumvekera. Anali akuyang'ana pawindo. Anatambasula dzanja lamanzere n'kukweza wailesi.

Ndawalembera anzanga kuti sewero laima. Dzira wayankha kuti pepani akulu, mpando uja sindinagwetse dala. Mwina ndi koyamba kulemba uthenga wopanda nthabwala.

0.

Lachinayi, 13 Juni

Achemwali afunsa mayi wa fiziyo za njinga ya olumala, kuti tidziwiretu. Ndinamva ali pafoni pakhonde. Kuntchito ndinajambula mapepala makumi atatu chozondoka, abwana anafunsa ngati ndikudwala.

Lachisanu, 14 Juni

Ndinafika cha m'ma 5, Achemwali atapita kale. Chitseko cha Amayi chotseka. Ndinayamba kutsuka mbale.

Nditatembenuka kuti nditenge poto, anali ataima pakhomo la khitchini. Sindinamve kalikonse. Mbale inandipulumuka n'kugwera m'sinki, ndipo anaona kuti ndadzidzimuka.

Kunsonga kwa ndodo avekako sokosi yanga yakuda, yopindidwa kawiri, yomangidwa ndi chingwe cha nsapato. Mfundoyo inali yonyowa, anamanga ndi mano. Phazi lakumanja analivula silipasi n'kuliveka sokosi inzake. Thukuta lili kamukamu pachipumi.

Anaimika ndodo pakhoma, n'kukweza dzanja. Zala zisanu. Anafumbata, anatambasulanso. Zisanu.

"Kakhumi, Amayi?"

Anagwedeza mutu movomera. Kenako analoza ndodoyo, analimbana ndi mawu kanthawi, ine n'kudikira. "Osa... osa... opa."

Ndinagwada kuti ndimasule chingwecho. Ndinati Amayi, simenti ya m'nyumba muno ndi yoterera, ndi sokosi mugwa, chonde, ndikufuna ndizikumvani mukamayenda. Anatenga ndodo n'kuibweza kumbuyo kwawo.

"Siya," anatero. Liwu limeneli linatuluka lonse, bwinobwino.

Ndili patebulo tsopano, chitseko ndachisiya chotsegula. Ndakhala ndikutchera khutu. Kaya ali pakolido kaya ali kuchipinda, sindikudziwa.