Dzimbiri la m'bafa lanu

Amayi,

Kaya muli bwanji kumeneko? Ife kuno ku Msongwe tilipo. Chisanu cha chaka chino chabwera ndi mphamvu. M'mawa chifunga chimafika mpaka pakhonde, ndipo zovala zimatha masiku awiri pachingwe osauma.

Ndiyambe ndi zabwino. Mng'ono wanga Tiwonge anachira mwezi watha, mwana wamkazi, ndipo onse ali bwino kwawo ku Masasa. Mwanayo akamayamwa amakwinya pamphumi ngati mmene munkachitira inu polawa ndiwo zophika munthu wina. Chimanga cha kuseri tinakolola matumba awiri okha chifukwa ndinachedwa kuthira feteleza wachiwiri. Ndikudziwa kuti mukanandikalipira.

Koma chimene chandikhazika pansi lero ndi bafa lanu loyera lija, limene tinkakugonekanimo pokusambitsani miyezi yomaliza ija. Chichokereni inu, adada sanalowemonso. Anayamba kusamba ndi ndowa panja, m'kabafa ka malata kaja. Ine ndimasamba pashawa ya kuchipinda kwanga, choncho chitseko cha kubafa kwanuko chinangokhala chotseka, ndipo palibe anadziwa kuti mpopi ukudontha. Nditatsegula tsiku lina ndinapeza dzimbiri litajambula mzere wofiira, kuchokera pansi pa mpopi mpaka potulukira madzi. Ndinangotsekanso chitseko.

Mu Juni adada anadwala chifuwa mpaka kugona kuchipatala masiku anayi. Potuluka, adokotala anandiitanira pambali n'kundiuza kuti munthu wa msinkhu wawo asamasambe pamphepo, apo ayi tibweranso. Titafika kunyumba ndinawapempha kuti azisamba m'kati.

"M'bafa lija? Ine ayi, mwana wane," anatero. "Likuoneka ngati munapheramo nkhuku."

Ndinawakhulupirira. Ndinagula mankhwala oyeretsera zovala aja n'kuthiramo botolo lonse, koma kutacha dzimbiri linali litada kuposa kale. Ndinatenga kawaya kokwechera miphika, ndipo nditagwada kuti ndiyambe ndinakumbukira mawu anu a tsiku limene tinkalowa m'nyumba ino: "Bafa si mphika. Amene alikande ndi waya azikasamba kumsewu." Ndinakabwezera kukhitchini.

Amene anandithandiza ndi mayi Asiyatu, a golosale ya pakona aja, akwawo ku Mangochi. Atandiona ndikufuna botolo lachiwiri anandifunsa chimene ndikuchapa, ndipo nditawafotokozera anandilanda botololo m'manja.

"Amenewa dzimbiri amangolikhwimitsa, mwanangu. Yamba wakonzetsa mpopi, ukapanda kutero utsuka mpaka chaka chamawa. Ukatero uwaze mchere, ufinyire mandimu pamwamba, usiye theka la tsiku. Potsuka ndi siponji yofewa basi. Osafulumira."

Pulambala anabwera n'kusintha kalabala ka m'kati mwa mpopi. Anali kanthu kochepa ngati batani, Amayi, koma ndi kamene kanatichitira zonsezi. Mandimu ndinathyola mumtengo wanu wa kumpanda. Tsiku loyamba sindinaone kusintha kwenikweni. Lachiwiri mzere uja unasanduka wachikasu. Lachitatu madzi anatsika nalo dzimbiri lonse, kupatula kadontho kamodzi pafupi ndi potulukira madzi, kamene kakana mpaka lero. Zala zanga zinasuwa ndi mandimu, koma nyumba yonse inanunkhira.

Ndinawaitana adada kuti adzaone. Anaima pakhomo nthawi yaitali, manja ali kumbuyo. "Layera chomene," anatero, n'kubwerera kukakhala pampando wawo.

M'mawa mwake ndinamva ndowa ikulira kukhitchini. Ndinawapeza atanyamula madzi, thaulo lili paphewa, akulowera panja. Ndinaima pachitseko.

"Adada, dzimbiri lija latha."

Anatula ndowa pansi. Sanandiyang'ane.

"Si dzimbiri ayi," anatero. "Ndikasuzumira mmenemo ndimawaona amayi ako, mmene anachepera muja."

Ndinawauza zoona, kuti nanenso masiku atatu onse aja ndinkakuonani, ndipo tsiku loyamba ndinalira ndili chogwada. Koma ndikutsuka choncho ndinayamba kukumbukiranso zina: mmene munkatiikamo ine ndi Tiwonge limodzi Loweruka madzulo, mutamanga chitenje m'chifuwa, mukutikalipira kuti tikumwaza madzi ngati abakha.

Adada anaseka pang'ono m'mphuno. "Ndipo ankatuluka atanyowa kuposa inuyo."

Sanatolenso ndowa ija. Ndinafunditsa madzi ena n'kukathira m'bafa. Anavula juzi, anaponya thaulo pampando, analowa n'kutseka chitseko. Ine ndinakhala pansi chapafupi kuopa kuti angaterereke. Munali zii nthawi yaitali, mpaka ndinafuna kugogoda. Kenako ndinamva madzi akuchita phokoso, munthu akusamba.

Atamaliza anaitana mokweza, ndi mawu omwe aja amene ankakuitanirani zaka zonse za ukwati wanu: "Nyabanda, thaulo!"

Ndinadzuka, ndinatenga thaulo pampando, n'kulowetsa dzanja pachitseko. Analilandira.

"Yewo, mama," anathokoza motsitsa.

Papita milungu itatu tsopano akusamba m'nyumba. Chifuwa chija chatsala cha m'mawa chokha, ndipo dzulo anayenda wapansi mpaka kutchalitchi osapumira panjira. Thaulo amaliiwalabe masiku ambiri, ndipo nthawi zina amalakwitsabe dzina.

Musadandaule za iwo, Amayi. Ndikukulonjezani kuti ndiziwasamala, ndipo akaitana dzina lanu sindidzawakonza. Ndizingoyankha.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Lusungu